Manda a Laurel Lance: mkangano wa otsatira Arrow ndi makomiki amene seweroli linachokera

Pa 25 Meyi 2016 wailesi ya kanema ya The CW ku America inaonetsa gawo lomaliza la sizoni yachinayi ya sewero la Arrow. Pasanapite nthawi, amene anatsegula tsamba la otsatira seweroli pa Reddit anapeza zodabwitsa. Zithunzi za Oliver Queen, mwini filimu wa uta ndi mivi, zinali zitachotsedwa, ndipo pamalo pake panali Daredevil, ngwazi ya kampani ya Marvel imene sewero lake linkaonetsedwa pa Netflix. Oyang'anira tsambalo anali atatopa nazo, ndipo anauza anthu kuti ngati pali zokambirana, zikhale za Daredevil. Kuti mumve kukula kwa mwanowo, dziwani kuti Arrow ndi wa kampani ya DC, ndipo DC ndi Marvel zili ngati Maule ndi Manoma. Zinali ngati komiti ya masapota a Bullets yadzuka m'mawa n'kupaka ofesi yake utoto wa buluu.

Mkwiyowu sunabadwe usiku womwewo. Unakhala ukufuka utsi kwa zaka pafupifupi ziwiri, ndipo unayaka pa 6 Epulo chaka chomwecho, tsiku limene olemba seweroli anapha Laurel Lance, mkazi amene ankavala chigoba n'kumadziwika kuti Black Canary. Pa Twitter panadzaza mawu akuti #NoLaurelNoArrow, kulumbira kuti popanda Laurel sadzaoneranso. Dandaulo limene linkamveka paliponse linali lakuti olembawo sakulemekeza makomiki. Dandauloli lili ndi choonadi chake, koma choonadicho sichili pamene ambiri ankaloza chala. Kuti tichipeze, tibwerere m'mbuyo zaka 75.

Green Arrow weniweni ndi uti?

Makomiki a ku America ndi timabuku topyapyala totuluka mwezi ndi mwezi, momwe nkhani imayenda ndi zithunzi zojambula pamanja ndi mawu ochepa. Chofunika kudziwa n'chakuti ku DC ndi ku Marvel ngwazi si ya mlembi, ndi ya kampani. Mlembi amabwera, n'kuilemba zaka zingapo, n'kupita, wina n'kulowa ndi maganizo ake. Ngwazi yokhalitsa imadutsa m'manja ambiri.

Green Arrow, dzina limene Oliver Queen amadziwika nalo m'makomiki, anayamba kuoneka mu 1941, m'buku la nambala 73 la More Fun Comics, wopangidwa ndi Mort Weisinger ndi George Papp. Kunena mosabisa, anali Batman wobedwa n'kuvekedwa zobiriwira. Anali munthu wachuma, anali ndi phanga lake lobisika, galimoto yake, ndege yake, ndi kamnyamata komuthandiza kotchedwa Speedy. Chimene chinkamusiyanitsa ndi mivi yamatsenga, monga muvi wokhala ndi gulovu ya nkhonya kumapeto. Nkhani yoti anaphunzira kulasa atasowa mtengo wogwira pa chilumba chopanda anthu inadza pambuyo, mu 1959, m'manja mwa wojambula Jack Kirby.

Mu 1969 zinthu zinatembenuka. Wojambula Neal Adams anamupatsa ndevu za pachibwano ndi chovala chatsopano, ndipo mlembi Dennis O'Neil anamulanda chuma chonse. Oliver wosaukayu anasanduka munthu wapakamwa, wolongolola, wokonda kutsutsana ndi anthu andalama ndi aboma. Kuyambira mu 1970 anthu awiriwa anamuphatikiza ndi Green Lantern, ngwazi ina ya DC imene mphamvu zake zili mu mphete yowala mobiriwira, n'kuwayendetsa dziko lonse la America pa kagalimoto, akukumana ndi tsankho la khungu, eni nyumba za lendi ankhanza, ndi makampani owononga chilengedwe. Green Lantern ankaimira lamulo, Green Arrow n'kumamufunsa kuti lamulolo likuteteza ndani. Mu 1971 analemba nkhani imene Speedy anapezeka akudzibaya mankhwala ozunguza bongo, chinthu chimene m'mabuku a ana a nthawi imeneyo chinali chosayembekezeka. Okalamba ambiri akamati Green Arrow weniweni, amanena uyu.

Koma alipo enanso. Mu 1987 Mike Grell analemba The Longbow Hunters, n'kumusamutsira ku Seattle ali ndi zaka za m'ma 40, n'kumutayitsa mivi yamatsenga ija. Green Arrow wa Grell amalasa kuti aphe. Mu 1995 ngwaziyi inafa bomba litaphulika m'ndege, mwana wake Connor Hawke n'kutenga uta, mpaka Kevin Smith anamuukitsa mu 2001. Mu 2007 Andy Diggle ndi wojambula Jock analembanso nkhani ya pa chilumba ija mwatsopano. Kenako mu 2011 DC inafafaniza mbiri ya ngwazi zake zambiri n'kuyamba pa nambala 1, ndipo Oliver anatulukamo ali mnyamata wopanda ndevu.

Ndiye munthu akati "tsatirani makomiki", funso loyamba n'lakuti, ati? Zili ngati nthano za Kalulu. Agogo a ku Ntcheu ndi agogo a ku Kasungu sazikamba mofanana, ndipo palibe buku limene lingagamule kuti olondola ndi ati. Komabe aliyense amene anakhalapo pamoto usiku akuyankha kuti "tili tonse" akudziwa kuti wokamba nthano alibe ufulu wonse. Atha kusintha nyama imene Kalulu anapusitsa, atha kuwonjezera nyimbo, ana n'kumangosekerera. Koma akangoti Kalulu anali chitsiru ndipo Fisi ndiye anali wanzeru, ana amadzuka n'kumutsutsa. Pali zimene omvera amalola kuti zisinthe, ndipo pali zimene amaziona ngati pangano.

Zimene anakhululuka

Arrow inayamba pa 10 Okutobala 2012, yokonzedwa ndi Greg Berlanti, Marc Guggenheim ndi Andrew Kreisberg, ndipo Stephen Amell ndiye anali Oliver. Gawo loyamba linaoneredwa ndi anthu oposa 4 miliyoni ku America, chiwerengero chachikulu kwa wailesi yaing'ono ngati The CW. Miyezi itatu m'mbuyomo filimu yomaliza ya Batman ya Christopher Nolan inali itangotuluka, ndipo fungo lake linali ponseponse m'seweroli: mdima, mvula, munthu wosaseka, dziko lopanda mphamvu zamatsenga. Ngakhale mawu akuti Green anawachotsa pa dzina. Mzinda wa Star City anautcha Starling City. Oliver ankabwera kuchokera pa chilumba cha Lian Yu patatha zaka zisanu, ali ndi kabuku ka mayina kamene bambo ake anamusiyira, n'kumasaka anthu olembedwamo. Dzina loti Green Arrow anadzalitenga mu sizoni yachinayi.

Kupatuka kunali kochuluka kuyambira tsiku loyamba. Oliver anapatsidwa mlongo, Thea, amene kunalibe m'makomiki, ndipo dzina lachibwana loti Speedy linapita kwa iye. Anapatsidwanso mlonda, John Diggle, msilikali wakale wachikuda amene David Ramsey ankasewera, ndipo dzina lake linali ulemu kwa mlembi Andy Diggle. Owerenga makomiki atamva kuti mnzake wa Oliver ndi Tommy Merlyn, anati tadziwa kale, ameneyu adzasanduka mdani wolasa mivi wotchedwa Merlyn. Sizinatero. Mdaniyo anali bambo ake a Tommy, Malcolm, ndipo Tommy anafa kumapeto kwa sizoni yoyamba akupulumutsa Laurel.

Sizoni yachiwiri ndiyo imene otsatira ambiri mpaka lero amaitama kuti inaposa zonse, ndipo m'menemo kupatuka n'kosawerengeka. Mdani wake wamkulu, Slade Wilson kapena kuti Deathstroke, anapangidwa mu 1980 ndi Marv Wolfman ndi George Pérez kuti azilimbana ndi gulu la Teen Titans. M'makomiki ndi wa ku America. Seweroli linamusandutsa wa ku Australia, mnzake wa Oliver wa pa chilumba amene anamuphunzitsa kumenya, ndipo udani wawo unachokera pa imfa ya mkazi wotchedwa Shado. Zonsezi n'zopeka za olemba a pa kanema. Koma Manu Bennett, amene ankasewera Slade, atabaya lupanga mayi ake a Oliver, ana awo akuona, panalibe amene anathamangira kukatsegula komiki kuti aone ngati zinalembedwa choncho. Anthu anangogwira pakamwa.

Apa ndi pamene ndimakayikira aliyense wonena kuti vuto la Arrow linali kusiya makomiki. Inawasiya kuyambira pachiyambi, ndipo anthu omwewo ankawomba m'manja.

Dandaulo limodzi lokha la m'zaka zoyambazo ndimaliona lolemera, ndilo lakuti Oliver wa pa kanema anali Batman wonyamula uta. Oliver wa O'Neil ndi wanthabwala, waphokoso, wandale. Wa Amell anali wokwinya nkhope, wolankhula motsitsa mawu, wosenza machimo a dziko lonse. Sizoni yachitatu inachita kunyanya pobweretsa Ra's al Ghul, mdani wa Batman, n'kumupatsa nkhani yomwe ija ya Batman: mfumu ya zigawenga ikufuna ngwaziyo ikhale mlowam'malo wake ndipo ikwatire mwana wake wamkazi. Choseketsa n'chakuti Ra's anapangidwa mu 1971 ndi O'Neil ndi Adams omwewo amene anachotsa Green Arrow mumthunzi wa Batman. Patatha zaka zoposa 40, munthu wawo mmodzi anagwiritsidwa ntchito kubwezera mnzake mumthunzi womwewo.

Dzina ndi lonjezo

Tsopano tifike pa Laurel. Black Canary si munthu wamba m'makomiki. Anapangidwa mu 1947 ndi Robert Kanigher ndi Carmine Infantino. Woyamba anali Dinah Drake, ndipo pambuyo pake dzinalo linapita kwa mwana wake, Dinah Laurel Lance. Ndi katswiri womenya ndi manja, woposa Oliver kutali, ndipo ali ndi mfuu imene imaswa magalasi ndi kugwetsa makoma. Chibwenzi chake ndi Green Arrow chinayamba cha m'ma 1969, ndipo anakwatirana mu 2007. Alinso ndi mbiri yakeyake yosadalira mwamuna, makamaka m'mabuku a Birds of Prey amene Gail Simone anayamba kulemba mu 2003.

M'gawo loyamba lenileni la Arrow, loya wachitsikana amene Katie Cassidy ankasewera anatchulidwa dzina lake lonse: Dinah Laurel Lance. Kwa woonera wamba linali dzina chabe. Kwa wowerenga makomiki linali lonjezo, lakuti dikirani, mtsikana uyu adzavala chigoba, adzakhala womenya woopsa, ndipo adzaima phewa ndi phewa ndi Oliver. Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Olemba seweroli ankagwiritsa ntchito mayina a m'makomiki ngati nyambo yokopera owerenga, koma nyambo iliyonse yotere ndi ngongole.

Vuto linali lakuti nkhani imene anamupatsa Laurel inali yolumala kuyambira pa maziko. Oliver anakwera bwato limene linamira n'kumusiya pa chilumba chija ali ndi Sara, mng'ono wake wa Laurel, akuchita naye chibwenzi chamseri. Kodi mkazi wanzeru zake angabwererenso bwanji kwa mwamuna amene anamuzembera ndi mng'ono wake, mng'onoyo n'kumira m'nyanja? Oonera ambiri sanakhutire nazo. Mu sizoni yachiwiri Laurel anagwa m'chidakwa ndi mapiritsi, ndipo nthawi yomweyo Sara anatulukira ali moyo, Caity Lotz akumusewera, atavala zakuda ndi chigoba, akumenya ngati mphezi, akudziwika kuti Canary. Anthu anamukonda. Choncho mwini dzina anakhala pambali akulira, chovala chake chitavalidwa ndi wina. Sara ataphedwa kumayambiriro kwa sizoni yachitatu, Laurel anatenga chigoba, n'kuyamba kuphunzira nkhonya kwa Ted Grant, amenenso m'makomiki ndi mphunzitsi wa Black Canary. Poyamba ankamenyedwa kwambiri kuposa mmene ankamenyera. Mfuu yake inali ya kachipangizo kovala m'khosi. Koma pofika sizoni yachinayi anali atayamba kukhazikika, ndipo omukonda anati tsopano ngongole ija ikubwezedwa.

Pamene zonsezi zinkachitika, mlendo anali atalowa ndi kalumo kakuthwa. M'gawo lachitatu la sizoni yoyamba Oliver anapita ndi laputopu yobowoka ndi zipolopolo kwa mtsikana wa makompyuta wa pa kampani ya banja lake, n'kumunamiza kuti anaitayira khofi. Mtsikanayo, Felicity Smoak, amayenera kuoneka kamodzi kokha. Koma Emily Bett Rickards, amene ankamusewera, anachita chimene palibe anali atachita m'seweroli: anamwetulitsa Oliver. Anamuitananso, n'kumuitananso, ndipo pofika sizoni yachiwiri anali mmodzi wa eni sewero. Dzina la Felicity Smoak lilipo m'makomiki, koma ndi la munthu wina: mayi woyendetsa kampani ya mapulogalamu a kompyuta m'mabuku a Firestorm a mu 1984, wosakhudzana ndi Green Arrow ngakhale pang'ono.

Pa intaneti pali chizolowezi choti oonera amasankha anthu awiri a m'sewero n'kumawakhumbira chibwenzi, kuwaphatikizira mayina, kuwalembera nkhani zawozawo, ndi kukakamiza olemba kuti awakwatitse. Oliver ndi Felicity anakhala Olicity, ndipo gulu lowachemerera linali lalikulu, lokangalika, losagona pa Twitter ndi Tumblr. The CW inali wailesi imene inakulira pa masewero achikondi a achinyamata monga Gossip Girl ndi The Vampire Diaries, ndipo phokoso lotere linali ndalama kwa iwo. Sizoni yachitatu inatha Oliver atasiya uta, akuchoka mumzinda pa galimoto ndi Felicity, dzuwa likuwawalira.

Sizoni yachinayi inayamba ndi chithunzi cha m'tsogolo: Oliver ataima pamanda, dzina la pa mwala losaoneka. Kwa miyezi isanu ndi umodzi anthu ankangolosera kuti ndani. M'katimo nkhani ya Felicity inakula mpaka kuphimba zina. Oliver anamufunsira ukwati, usiku womwewo Felicity anawomberedwa n'kufa miyendo, anakhala pa njinga ya olumala, kenako kachipangizo koikidwa mumsana kanamuchiza. Ndipo mphindi imene anaimirira koyamba ndi imene anatuluka pakhomo kumusiya Oliver, chifukwa chomubisira zoti ali ndi mwana kwa mkazi wina. Mayi ake a Felicity anayamba chibwenzi ndi bambo ake a Laurel. Bambo ake a Felicity anatulukiranso ndi nkhani yawo. Otsutsa anayamba kunyoza kuti seweroli lisinthe dzina, likhale la Felicity ndi anzake.

Ndiye manda aja anakhala a Laurel. Kaphedwe kake ndi kamene kanathira mchere pabala. Mdani wa sizoni imeneyo, Damien Darhk, anamugwira ndi matsenga osatha kugwedezeka, n'kumubaya ndi muvi wa Oliver, pofuna kulanga bambo ake a Laurel amene anamupandukira. Sanafe chifukwa cha nkhondo yake, anafera mlandu wa amuna awiri. Ndipo ali gone m'chipatala, mwa mawu ake omaliza, anauza Oliver kuti akudziwa kuti iye si mkazi wa pamtima pake, n'kumufunira kuti abwererane ndi Felicity. Black Canary, wa mbiri ya zaka pafupifupi 70, anathera mpweya wake wotsiriza kudalitsa chibwenzi cha wina.

Owerenga makomiki ali ndi dzina la mchitidwe umenewu. Mu 1994, m'buku lina la Green Lantern, ngwaziyo inafika kunyumba n'kupeza chibwenzi chake chitaphedwa n'kuikidwa mufiriji. Mu 1999 Gail Simone anasonkhanitsa mayina a akazi a m'makomiki amene anaphedwa, kulumazidwa kapena kulandidwa mphamvu pongofuna kuti mwamuna wa m'nkhaniyo akhale ndi chomupweteka mtima, ndipo kuyambira pamenepo anthu amati mkazi wotere waikidwa mufiriji. Imfa ya Laurel inagweranso m'nyengo yoipa. Mwezi umodzi m'mbuyomo The CW yomweyo inali itapha Lexa m'sewero la The 100, zimene zinadzutsa mkwiyo waukulu, ndipo sabata yomwe Laurel anafa, sewero la Sleepy Hollow la wailesi ina linaphanso mkazi amene anali mwini nkhani. Anthu anali atayamba kale kuwerenga mitembo.

Pali chinanso chimene chinangochitika mwangozi koma chinakolezera moto. Tsiku lomwe lija la 25 Meyi, DC inatulutsa buku loyambitsa nyengo yatsopano yotchedwa Rebirth, ndipo m'menemo muli tsamba limene Green Arrow ndi Black Canary akuyang'anana ngati anthu amene akumva kuti anataya chinachake koma sakudziwa kuti n'chiyani. Sabata yotsatira Benjamin Percy ndi Otto Schmidt anawabwezeretsa pamodzi, ndevu za Oliver zitabwerera, pakamwa pake patatsegukanso pa nkhani za osauka. Kampani imodzi, dzanja lamanja likukwirira Black Canary, lamanzere likumuukitsa.

Mbali inayo ili ndi mfundo zake

Sichingakhale chilungamo kusiya nkhaniyi ngati kuti okonda Felicity anali anthu osokoneza amene analanda sewero la eni ake. Choyamba ndi masamu. Komiki ya Green Arrow inkagulidwa ndi anthu masauzande makumi angapo pamwezi, pamene seweroli linkaoneredwa ndi mamiliyoni sabata iliyonse. Oonera ambiri sanagwirepo komiki, ndipo kwa iwo dzina la Laurel silinali lonjezo la chilichonse. Iwo ankaona zimene zinali pa galasi: mwamuna wosweka mtima amene amapepukidwa akakhala ndi mtsikana wina wovala magalasi, wanzeru, wolankhula mosadziletsa, amene chida chake ndi ubongo. Kuwauza kuti chikondi chimenechi n'cholakwika chifukwa cha buku la mu 1969 kunali ngati kuletsa ukwati chifukwa cha pangano limene agogo anapangana ana asanabadwe.

Chachiwiri, makomikiwo saikira umboni mbali imodzi. Oliver wa m'mabuku anamuzembera Dinah, anasiyana kangapo, ndipo banja la mu 2007 lija silinathe zaka zambiri. Pamene Arrow inkayamba mu 2012, m'makomiki amene anali m'masitolo nthawi imeneyo awiriwa sanali pa chibwenzi n'komwe. Ngakhale The Longbow Hunters, imene ambiri amaitama, inamuzunza Dinah koopsa n'kumulanda mfuu yake kuti Oliver apeze chifukwa chophera munthu. Firiji ija inayambira m'makomiki momwemo.

Chachitatu, mkanganowu unali ndi kafungo koipa. Mawu akuti "wotsatira weniweni" kawirikawiri ankatanthauza mwamuna wowerenga makomiki, ndipo akazi ochemerera Olicity ankanyozedwa kuti angobwerera zachikondi. Nawonso ena a mbali imeneyo sankasankha mawu ponyoza Laurel ndi omukonda. Mbali zonse ziwiri zinali ndi anthu osasiyanitsa munthu wa m'sewero ndi womusewera, ndipo zotukwana zinkafika kwa Cassidy, kwa Rickards ndi kwa Guggenheim.

Kuona kwanga n'kwakuti sizoni yachinayi inali yofooka, ndipo anthu akakhumudwa ndi nkhani yofooka amafuna ndodo yomenyera. Makomiki anali ndodo imene inali pafupi. Chiwembu cha Darhk chinafika pa mabomba a nyukiliya, limodzi n'kugwera pa tauni ya Havenrock n'kupha anthu masauzande, koma sewerolo linangodutsapo ngati yaphedwa ndi nkhuku. Ndewu zinali zitazirala, nkhani za pa chilumba zinali zitasanduka mtolo. Zikanakhala kuti zonsezi zinali zolimba ngati za nthawi ya Slade, imfa ya Laurel ikanapweteka ndithu, koma sindikhulupirira kuti tsamba lija likanasanduka la Daredevil.

Kubweza ngongole

Olembawo anamva. Sizoni yachisanu inabwerera m'misewu ya mzinda, matsenga n'kuchepa, ndipo anachita chinthu chochenjera: anagwiritsa ntchito chidziwitso cha owerenga makomiki kuwatchera msampha. Anabweretsa woimira boma pa milandu dzina lake Adrian Chase, ndipo nthawi yomweyo munthu wachigoba wowombera zigawenga wotchedwa Vigilante. M'makomiki Adrian Chase ndiye Vigilante, choncho odziwa anakhala phee, akudzitama kuti chinsinsi achitulukira. Kenako zinaululika kuti Chase, amene Josh Segarra ankasewera, ndiye Prometheus, mdani wamkulu wa sizoniyo. Uku kunali kuphwanya makomiki poyera, ndipo anthu omwe ankalira chaka chathacho anasangalala kuti apusitsidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti apa dzina linagwiritsidwa ntchito, pamene la Laurel linangotayidwa.

Pa nkhani ya Canary, komabe, anayesa kukondweretsa aliyense, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Mu 2017 anabweretsa wapolisi wotchedwa Dinah Drake, Juliana Harkavy akumusewera, wokhala ndi mfuu yeniyeni ya m'thupi, kuti akhale Black Canary watsopano. Anabwezanso Katie Cassidy ngati Laurel wa dziko lina lofanana ndi lino, woipa mtima, wotchedwa Black Siren, amene pang'onopang'ono anasintha n'kukhala wabwino. Sara nayenso anali ataukitsidwa kale n'kukatsogolera sewero lina, Legends of Tomorrow. Mapeto ake panali akazi atatu ogawana cholowa cha munthu mmodzi. Ambiri amavomereza kuti Cassidy anasewera bwino Laurel woipayo kuposa wabwino uja, zimene zikusonyeza kuti vuto silinali iye.

Olicity sinagwe. Mu Novembala 2017, pa magawo ophatikiza masewero anayi a DC, Barry Allen wa The Flash ndi Iris West ankamangitsa ukwati wawo pamaso pa Diggle, ndipo Felicity anadula mwambowo pakati n'kupempha kuti iye ndi Oliver akwatitsidwe nawo pomwepo. Apa anakwiya ndi otsatira The Flash omwe, poti Barry ndi Iris ndi banja la m'makomiki la kalekale ndipo anadikira tsikuli kwa zaka.

Chimene okangana ambiri sankachiona n'chakuti madzi ankayendanso chobwerera. Mu 2013 Jeff Lemire ndi Andrea Sorrentino analowetsa John Diggle m'makomiki a Green Arrow. Mu 2014 Felicity wofanana ndi wa pa kanema analowanso, m'mabuku amene Kreisberg analemba nawo. Mwana amene adzatole makomiki a zaka zimenezo adzapeza Diggle ali m'menemo, ndipo kwa iye Diggle adzakhala wa m'gwero.

Diggle yemweyo ndiye anasenza lonjezo lomaliza, ndipo ili silinachokere kwa olemba. Otsatira ndiwo anayamba kunong'onezana kuti msilikali wachikuda wotchedwa John ayenera kuti ndi John Stewart, Green Lantern amene O'Neil ndi Adams anapanga mu 1971. Olembawo anayamba kusewera nawo. Mu sizoni yachisanu ndi chiwiri zinadziwika kuti bambo omupeza a Diggle ndi mkulu wa asilikali wotchedwa Stewart. Pa 28 Januwale 2020, m'gawo la 170 limene linatseka seweroli, Oliver atafa kale populumutsa chilengedwe chonse, chinthu chinagwa kuchokera kumwamba pafupi ndi galimoto ya Diggle. Anatola kabokosi, n'kukatsegula, kuwala kobiriwira n'kumuwalira kumaso. Pa intaneti panali chikondwerero, mbali zonse ziwiri pamodzi.

Mu 2022, m'gawo lina la The Flash, Diggle anakataya kabokosiko n'kubwerera kwa mkazi wake ndi ana. Mphete ya Green Lantern sanaivale.